Ndege Amaidziwira Kumimba

Ndikakumbukira Abiti Saidi, amene tinkagundana nawo mpanda ku Chiwanga, mphuno zanga zimadzaza utsi wa nkhuni za mango ndi fungo la usipa wofutsa umene ankautsanula mumphika waukulu n'kuuyanika pathandala, uku akukalipira amphaka, nkhuku ndi ife ana mosasiyanitsa. Anali mayi wamfupi, wapakamwa poyabwa, wosadziwa kulemba ngakhale dzina lawo. Koma ndege ikamadutsa, ngakhale patali chotani, ankaimitsa chipande m'malere, n'kupendeketsa mutu, kenako n'kunena kuti, "Yabwino iyo," n'kubwerera kumphika.

Tsiku lina ndinawaumiriza kuti andiuze chifukwa chake. Anati pa nkhondo ya Apwitikizi, anthu atathawira kumapiri a kumtunda kwa Lunho, iwo ali mtsikana ankakhala pathanthwe ndi khasu lopanda mpini pamodzi ndi mwala. Ntchito yawo inali kuyang'ana kumwamba pamene ena akulima chinangwa. Akamenya khasulo kamodzi, anthu ankangobisala pansi pa zitsamba mpaka ndege idutse. Akamenya katatu, aliyense ankataya chimene wagwira n'kuthawira kumapanga.

Ndili m'kalasi yachisanu ndi chimodzi, aphunzitsi athu, mnyamata wa ku Quelimane amene ankayenda pamchenga ndi nsapato zonyezimira, anatiuza kuti tilembe za munthu wolimba mtima. Anzanga analemba za akuluakulu a m'mabuku. Ine ndinalemba kuti Abiti Saidi ankadziwa ndege iliyonse ya nkhondo. Aphunzitsi anawerenga pamaso pa kalasi yonse, n'kundipatsa ziro, n'kunena kuti mayi wofutsa usipa sangadziwe zimenezo, ndapeka bodza. Sabata yonse anzanga ankatambasula manja ngati mapiko ndikamadutsa. Makani ndinabadwa nawo, choncho ndinauza aphunzitsiwo kuti abwere adzafunse okha.

Anabweradi Loweruka, atakwapatira buku la zithunzi za ndege limene anabwereka kwa msilikali wa pamadzi wa ku Metangula. Anthu a m'nyumba zoyandikana anasonkhana, amayi anga ali pomwepo. Popeza Chinyanja cha aphunzitsi chinali chotsimphina, womasulira ndinali ine.

Anatsegula buku, n'kuphimba mawu a pansi pa chithunzi ndi chala. Inali ndege itaima pabwalo, asilikali atayedzamira. Abiti anaiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Sindiidziwa."

Chithunzi chachiwiri, chimodzimodzi. Chachitatu, chimodzimodzi. Aphunzitsi anayamba kutseka buku akumwetulira. Ndinawakwiyira Abiti kwambiri, ndikuvomera.

"Iwe mwana," anatero iwo, "uwafunse a porofesoro akowo. Ndani anaionapo aviyau itafungatira pansi ngati nkhuku? Ife tinkazionera kumimba."

Anayala chitenje pamchenga, n'kugona chagada, mayi wamkulu uja, pamaso pa amuna. Anandiuza kuti ndipeze zithunzi za ndege zili m'mwamba, ndiwagwirire bukulo pamwamba pa nkhope. Aphunzitsi anachita kugwada kuti aphimbe mawu aja, mawondo a thalauza lawo n'kulowa mumchenga.

"Michira Iwiri," anatero Abiti nthawi yomweyo. "Yonyamula asilikali ndi katundu. Kamodzi."

Aphunzitsi anasuntha chala, n'kuwerenga, n'kupeza kuti n'zoona. Ndinatsegula tsamba lina.

"Kabawi uyu. Wamphuno yobooka. Umamuona kaye, phokoso limabwera pambuyo. Katatu, ngati wapeza mpata."

Mawu a m'buku anavomerezanso. Anthu anayamba kuseka mokondwa, ine phewa m'mwamba. Kenako panabwera kandege kakang'ono, kamapiko pamwamba pa mutu. Abiti anakayang'ana nthawi yaitali.

"Katatu," anatero, mawu atatsika.

Nkhope ya aphunzitsi inawala. Anati apa ndiye alakwa, chifukwa buku likuti kameneka n'kongozonda, kamauluka pang'onopang'ono n'kumayang'ana basi. Ngati sakudziwa kandege kophweka chotere, ndiye ziwiri zija angolotera. Ndinamasulira mawuwo.

Abiti anandiyang'ana ine, osati aphunzitsi. Kenako anakweza chala chawo chonona ndi mafuta a usipa n'kuloza pachithunzi.

"Ayang'ane kukhwapa kwake."

Tinasuzumira tonse. Pansi pa phiko lililonse panali kachinthu kooneka ngati kachidutswa ka bango, kamene aphunzitsi, ndi kuwerenga kwawo konse, sanakaone.

"Kakabwera kopanda izi, kamodzi. Kakabwera nazo, kamalavula moto. Tsiku lina dzuwa linandithobwa m'maso, sindinazione. Ndinamenya kamodzi. Mlongo wanga Ali anandimvera, anangogona pansi pa chinangwa. Tinamuika pompo."

Sindinathe kumasulira zonse, koma aphunzitsi anamva. Amayi anga, amene anakhala nawo moyandikana zaka zonsezo, akubwerekana mchere ndi moto, anali asanamvepo n'komwe kuti Abiti anali ndi mlongo. Aphunzitsi anakhalabe chogwada, n'kunena m'Chinyanja chawo chija kuti, "Pepani, amayi."

Abiti anadzuka n'kusasa mchenga pachitenje. "Pepaniyo mupatseni mwanayu. Ine usipa wanga ukupsa."

Lolemba aphunzitsi anafufuta ziro uja pamaso pa kalasi, n'kundiuza kuti ndiwerenge ndekha zimene ndinalemba. Tsiku limenelo ndinanyada ngati mwana aliyense amene wapambana mkangano. Kulemera kwake ndinakumva nditakula, Abiti atamwalira kale. Akanatha kungokhala chete, kumusiya mnyamata wa nsapato uja apite ndi buku lake, ine n'kulira masiku awiri n'kuiwala. Sanali agogo anga, iwo ankapita kumzikiti ife kutchalitchi, ndipo ankandikalipira kuposa mwana aliyense pamudzipo. Komabe anafukula mlongo wawo pamaso pa anthu onse kuti ine ndisatchedwe wabodza. Ndimanyada nazo mpaka lero, ngakhale kunyada kwake kumandiwawa.