Dima la Konkire ku Nyimba

Mundikhululukire kuti ndagwira cholembera. Sukulu yanga inathera m'giredi seveni, pa kasukulu ka kumudzi kufupi ndi Minga, ndipo ambiri mwa anthu amene anagwira ntchito imene ndikufotokozayi ndi akuluakulu kwa ine. Iwo akanaifotokoza bwino pakamwa kuposa mmene ine ndingalembere. Koma ena anatisiya kale, ndipo galaja imene tinamanga ikadalipo m'mbali mwa msewu waukulu ku Nyimba, odutsa n'kumaganiza kuti inamangidwa ndi makina. Ndiye ndati ndiyese.

Zaka zimenezo, zipani zitangochuluka, makampani a boma anayamba kugulitsidwa. Amalume, mlongo wawo wa amai anga, anali dalaivala pa kampani ina yotero ku Petauke, ndipo ntchito inawathera. Zimene anawapatsa posiyana nawo anagulira lole yakale. Pa nthawiyo aliyense anali ataloledwa kugula ndi kugulitsa chimanga ndi thonje, choncho loleyo sinkasowa katundu, lero ku Ndake, mawa ku Luembe. Vuto linali pogona pake. Inkagona pabwalo. M'mawa wina anapeza batire palibe, tsiku lina mafuta atapopedwa. Ndiye anaganiza zomanga galaja yaikulu yoti lole izilowa yonse ndi katundu wake, pamwamba pake pakhale zipinda zogona.

Anandiitanitsa kumudzi.

"Iwe, uzilima thonje mpaka liti? Bwela undithandize kumanga. Chipinda chimodzi cha pamwamba ndi chako. Uzigona pamwamba pa lole, ikatsokomola uzitsika."

Ndinangoomba m'manja. Kuyambira ndili mwana ndinkagona mothithikana ndi anyamata anzanga. Chipinda changachanga, m'tauni, pafupi ndi injini imene ndinkalakalaka kuiphunzira, sindinachiloteko.

Amisiri amene anatimangira anali bambo wa ku Mozambique, mmodzi wa anthu aja anathawa nkhondo n'kukhala kumsasa m'boma la Petauke, nkhondo itatha osabwereranso. Kwawo anali atagwirapo ntchito pa nyumba zosanja. Sankayankhula zambiri, ndipo zimenezo zinandikomera, chifukwa inenso pakamwa panga m'polemera. M'miyezi yozizira tinakweza makoma. Kenako tinadula mitengo ya tsanya, kuiimika mothinana m'kati mwa galaja, pamwamba pake n'kuyala matabwa, pamatabwapo n'kuluka zitsulo ngati mphasa. Chotsala chinali kuthira konkire ya denga la galaja, lomwe lidzakhalenso pansi pa zipinda. Amisiri ankalitchula kuti silabu.

Tsiku lina titaweruka anatikhazika pansi ine ndi amalume.

"Silabu ndi tsiku limodzi," anatero. "Mukayamba ku ngodya iyi musaime mpaka ngodya iyo. Mukaima pakati, konkili yoyamba iuma, yatsopano siigwilana nayo. Pamenepo pakhala mng'alu. Mvula ilowa, chitsulo chichita dzimbili, ndipo ine sindingalole munthu kugona pamwamba pake."

Amalume anandiyang'ana. "Wamva? Simenti iyi ndi yomaliza. Ikaonongeka tikhoma malata basi, za pamwamba tiiwale."

Sananene kuti ine ndidzabwerera kumudzi, koma ndinadziwa. Nyumba yawo inali yodzaza kale ndi ana aakazi, ndipo ine ndinkagona m'kanyumba kosungiramo simenti.

Makina osakanizira konkire panalibe koti tiwapeze. Azakhali, akazi a amalume, ndiwo anati, "Nanga dima linatha? Ndifulula mowa, abale anga a ku Ndake abwela." Dima ndi mmene timalimira munda waukulu kwathu. Mwini munda amafulula mowa, anthu amabwera ndi makasu m'mamawa, amalima mpaka dzuwa lifike pamutu, kenako amapita pamthunzi kukamwa. Akayamba kumwa, ntchito yatha. Ndime yotsala imadikira tsiku lina. Tonse tinayamikira nzeru ya azakhali, ndipo palibe anaganizako za nthawi yowerukirayo.

Mowa utatsala pang'ono kupsa, amalume anapita ku Luembe kukatenga chimanga. Mowa unapsa, iwo osabwera. Madzulo oti mawa ndi dima kunafika munthu wa panjinga. Anati lole yathyoka chitsulo cha kumawilo, ndipo amalume sangaisiye m'tchire ndi matumba a eni ake. Uthenga unali woti tipitirize, ine mwana wa mlongo wawo ndiimire iwo. Tsiku silikanasunthika. Mowa unali utapsa, anthu atauzidwa kale.

Anafika kukungocha, ena pangolo, ena wapansi. Patsogolo panali bambo awo a azakhali, amene ine ndinkawatchula kuti ambuya, nkhalamba yaifupi, yanthabwala, yodziwika kuti sinaphonyepo dima. Chikho chawo chomwera anachimangirira m'chiuno.

"Mwini munda ali kuti?" anafunsa.

Azakhali analoza ine.

"Aka? Kali ndi ndevu aka? Tabwela kuno ndione." Anandigwira chibwano, anthu n'kuseka. "Chabwino, bwana. Munda wanu uli kumwamba ngati wa mbalame. Tionetseni ndime."

Amisiri anagawa anthu. Amuna amphamvu ankasakaniza pansi ndi mafosholo. Azimai ankatunga madzi m'migolo imene ngolo zinabweretsa kuchokera kumtsinje. Anyamata anaima mzere pa matabwa okwerera, akupatsirana ndowa za konkire mpaka pamwamba, kumene amisiri ankaikhuthula, kuisinja ndi chitsulo ndi kuisalaza ndi thabwa. Ine ndinali pakati, kuonetsetsa kuti simenti, mchenga ndi miyala zikulowa monga ananenera. Ntchito inathamanga. Anthu ankaimba ngati ali kumunda, ndipo wina akagwetsa ndowa ankamufunsa ngati wasiya mphamvu kwa mkazi wake.

Unali mwezi wa Sepitembala, ndipo amene amadziwa kutentha kwa ku Nyimba akudziwa chimene ndikunena. Dzuwa litafika pamutu, silabu inali itangopitirira theka pang'ono. Azakhali anachita zimene mkazi aliyense wodziwa mwambo akanachita. Anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, abale awo n'kugubuduzira mgolo wa mowa pamenepo. Ndinamva fosholo imodzi ikugwa pansi, kenako ina. Anyamata anayamba kutsika pamatabwa, akupukuta manja m'mabuluku.

Amisiri anatsika msanga n'kundikokera pambali.

"Aima."

"Auzeni, bambo."

"Ine ndine mlendo. Awa ndi apongozi a mwini nyumba. Pa dima amayankhula ndi mwini munda, ndipo lelo ndiwe." Anandionetsa chala chimene anali atakanda nacho konkire. "Yayamba kale kugwila."

Ine kusukulu ngakhale yankho ndikulidziwa sindinkakweza mkono. Pamaso pa akuluakulu ndinali ndisanayankhulepo. Ndipo kuuza anthu amene akhetsa thukuta kuyambira m'mamawa kuti asamwe, kwathu ndi chipongwe. Akanatha kunyamuka onse n'kumapita, azakhali n'kutsala ndi manyazi kwa abale awo. Koma ndinayang'ana kumwamba kuja, theka lotuwa, theka zitsulo zili pamtunda, ndipo miyendo inanditenga yokha. Ndinakagwada patsogolo pa ambuya n'kuomba m'manja.

"Taonani, bwana agwada!" anafuula ambuya. "Chalakwika n'chiyani, mowa wasasa?"

"Ambuya, ndime siinathe."

"Ndime siikutha, mdzukulu. Yotsala timaliza mailo, kukacha."

"Iyi ilibe mailo."

Ndinanena zonse monga anandiuzira amisiri, za konkire youma ndi yatsopano, za mng'alu, za dzimbiri. Anthu anali atasonkhana, ena zikho zili kale m'manja. Akulu awo a azakhali, mai wamtali wa mawu aakulu, anati, "Anena zoona mwanayu. Ngakhale pozila nyumba, ukasiya pakati pamatsala mzele."

"Ikang'aluka, pamwamba sipagona munthu," ndinatero. "Ine ndibwelela kumudzi."

"Kumudzi kuli mikango?" wina anafuula kumbuyo, anthu n'kuseka.

"Ife tabwelela mowa," anatero bambo wina, yemwe sankaseka. "Chipinda chako tigonamo ife?"

Ndinangokhalabe chogwada, maso pansi. Ambuya anayang'ana denga, anayang'ana mgolo. Kenako anamasula chikho chawo, kuchidzaza mpaka m'milomo, n'kuitanitsa thabwa. Analigoneka pakamwa pa mgolo, anakwerapo movutikira, n'kukhala, miyendo ikulendewera.

"Mgolo uwu ndaukhalila ine," anatero. "Wofuna mowa andinyamule."

Panalibe amene akanayerekeza kugwira munthu wamkulu chotero. Ambiri pamenepo anali ana awo, adzukulu, kapena akamwini.

"Nanga inu mukumwa bwanji, ambuya?" mnyamata wina anadandaula.

"Ine ndine mlonda. Unaonapo mlonda wa pakhosi pouma? Kwelani, mukamalize munda wa bwana. Mukachedwa mupeza ndaumaliza ndekha."

Oyamba kubwerera anali azimai. Akulu awo a azakhali anamanga chitenje mwamphamvu n'kutola fosholo. "Amuna a ku Ndake atopa. Tiyeni tiwaonetse." Amuna sakanapirira zimenezo. Mmodzimmodzi, akung'ung'udza, anakalanda mafosholo awo. Bambo amene sankaseka uja anatenga njinga yake n'kumapita, ndipo palibe anamuletsa. Azakhali anathamangira kukhitchini, n'kutulukako ndi ndowa ya thobwa ndi mbatata zophika, ndipo atsikana ankayenda nazo mumzere kuti anthu azidya ataimirira.

Amisiri anathira madzi osakaniza ndi simenti pamene tinaimira paja, kusinja mwamphamvu, n'kupitiriza.

Masana amenewo anali owawa. Nyimbo zinatha. Simenti inatidya m'manja mpaka zala kusupuka, matabwa ankaotcha kumapazi. Palibe ankandiseka tsopano, ndipo palibenso ankandiyankhula. Ndinasiya za kuyang'anira n'kukaima pamapeto pa mzere, pamene ndowa imafunika kuikweza kufika pamutu, kuti aliyense wondikwiyira aone kuti inenso ndikupsa. Mawu okha amene ankamveka anali a ambuya pamgolo paja. Ankaitana munthu aliyense ndi dzina la amai ake, kumuuza kuti akuyenda ngati ng'ombe yodwala, kenako n'kukweza chikho kuti onse aone mmene akumwera. Anthu ankatukwana chamumtima, ndowa n'kumathamanga.

Dzuwa litayamba kufiira, ngodya yomaliza inadzaza. Amisiri anaisalaza pang'onopang'ono ngati sakufuna kumaliza, anaweramuka, n'kukweza thabwa lawo m'mwamba. Nthungululu imene inamveka pamenepo inaimitsa anthu pamsewu. Anyamata anandinyamula osandifunsa n'kutsika nane. Pansi tinapeza ambuya akadali pamgolo.

"Tsopano ndinyamuleni zenizeni," anatero. "Miyendo yafa."

Anawatsitsa anthu awiri. Chikho choyamba anapatsa ine, poti ndine mwini munda. Mowa ndinali ndisanaulawepo. Ndinameza kamodzi n'kutsokomola mpaka misozi, ndipo anthu anaseka kuposa mmene anasekera m'mawa.

Masabata otsatira ntchito yanga inali kuthirira silabu kuti isaume msanga. Tinayalapo masaka akale, ine n'kumakwera ndi ndowa m'mawa ndi madzulo. Nthawi iliyonse ndinkavundukula pamene tinaimira paja n'kupapasa ndi chala. Amalume atabwera ndi lole yawo anakwera okha, anayenda ngodya zonse, anaponda ndi chidendene. Atatsika anandiitana.

"Ndamva kuti unawatsekela mowa apongozi anga."

"Anatseka okha, amalume."

"Ine ndakhala nawo zaka zonsezi, sindinayelekezepo." Anaseka mpaka kugwira khoma.

Komabe chilichonse chinkadikira tsiku lochotsa mitengo yochirikiza ija, chifukwa silabu siidziwika mphamvu yake isanaime payokha. Amisiri atanena kuti yakhwima, linali tsiku la tchuthi, choncho anthu oyandikana nafe anabwera kudzaonerera, ataima chapatali ndithu. Tinayambira m'mbali, kugwetsa mtengo umodziumodzi ndi kukanganula matabwa. Utatsala wa pakati, pansi penipeni pa malo amene tinaimira, amisiri anandipatsa nyundo.

"Uwu ndi wako."

Ndinamenya. Mtengo unapendekeka n'kugwa, fumbi linakwera, ndipo palibenso china chinagwa. Tinakanganula thabwa lomaliza. Amisiri anakwera pamgolo, anayang'anitsitsa, anapapasa ndi chikhatho kuchokera kukhoma ili mpaka ilo. Panali mizere ya matabwa yokha.

"Pagona munthu," anatero.

Amalume analiza lole, yodzaza ndi chimanga, n'kuilowetsa chambuyo mpaka yonse inabisika m'kati. Ana ankathamanga mozungulira galaja akukuwa. Asanazimitse injini, amalume anatulutsa mutu pawindo.

"Ukuyang'ana chiyani? Yamba kukweza njelwa. Sankha wekha mbali imene ufuna."

Ndinasankha mbali yoyang'ana kumsewu, ndipo njerwa zoyamba ndinazikweza masana omwewo. Linali tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, pa 24 Okutobala, 1995.