Tulo pa Benchi ya Besibo

Mwana wanga wamkazi anayamba kusewera besibo ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Anzake akutchalitchi ankasewera netibo ngati ana a anthu, koma iye anasankha masewera oti ngakhale Angerezi eniake sawadziwa bwino. Matimu anali ochepa, ndiye Loweruka lililonse m'chilimwe chimenecho tinkayenda: lero Coventry, sabata yamawa paki ina kuseri kwa Dudley, mabasi awiri kapena atatu kuchokera kumene tinkakhala ku Small Heath, m'dziko la Angerezi momwemo.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya unamwino usiku. Ndinkaweruka m'mawa, kusamba, kumwa tiyi chiimirire, n'kunyamula chikwama chake cha zibonga. Bambo ake anali adakali ku Malawi kudikira mapepala, choncho wopita naye ndinali ine ndekha.

Masewerawo ndi ozizira, ndisaname. Munthu amaima ndi chibonga, wina amaponya mpira, kenako onse amangoyang'anana. Malamulo ake mwanayo anandifotokozera kangapo pa kaseti ya kanema ya akatswiri a ku Amereka imene mphunzitsi wawo anamubwereka, koma m'mutu mwanga sanalowe. Tsiku lina ndinaimba nthungululu, osadziwa kuti mwana wangayo amutulutsa m'masewera. Makolo onse anacheuka.

Manesi tili ndi luso limodzi limene satiphunzitsa kusukulu: kugona chikhalire nthawi ya buleki, khosi osapinda. Ndinagula magalasi akuda n'kuyamba kuchita zomwezo pa benchi ya oonerera. Anthu akawomba m'manja ndinkadzidzimuka n'kuwomba nawo. Ndinkadziona wochenjera.

Ku Coventry, mu Julaye, ndinadzuka anthu onse ataimirira. Mayi wina wachizungu ankandigwedeza phewa, akuti mwana wanu wamenya mpira mpaka kudutsa mpanda, koyamba chiyambire. Pamene ndinkadzambatuka n'kuti iye atazungulira kale bwalo, akuyang'ana kumene ndinakhala.

M'basi ndinayamba ndine. "Wamenya bwino lero, mwanawe. Gemu yonse ndaiona."

Anandiyang'ana, n'kuthokoza m'Chingerezi monga mwa chizolowezi chake. Patapita kanthawi anati sizoni yatha, amenewa anali masewera omaliza. Kunena zoona ndinasangalala. Loweruka lotsatira ndinagona mpaka dzuwa kupendeka, linalo chimodzimodzi, ndipo miyendo inasiya kutupa.

Loweruka lachitatu ndinadzuka masana kuti ndichape mayunifomu anga. M'makina ochapira ndinapezamo buluku lake loyera la besibo, m'maondo muli matope osauma. Mwiniwake anali m'khitchini akudya buledi.

"Iwe, si unati sizoni yatha?"

Sanadzutse mutu. "Mum, you were tired," anatero. Kenako anayesa Chichewa chake chokhotakhotacho, chimene amachitulutsa pokhapokha akafuna kuti ndimvetse: "Muzigona. Ndimapita ndekha."

Ndinaima pomwepo buluku lili m'manja, manyazi atandigwira. Ndinamufunsa kuti masewera otsatira ali kuti, ndisinthane shifiti ndi mnzanga. Anati a lerowa ndiwo analidi omaliza.