Uchi wa mu mowa wa ambuya

Mowa ukayamba kupsa umalira m'dilamu, phwi, phwi, ngati mwana wopuma m'tulo. Ndinakula ndikumva kulira kumeneko kuseri kwa nyumba yathu ku Nangongwe. Makolo anga atamwalira, ambuya, amayi a mayi anga, anandilera ndi mowa wa masese umenewo, ndipo ngakhale lero ndine ndimawasefera, pakuti manja awo anayamba kunjenjemera.

Pakati pa omwa Loweruka panali bambo wina wokonza njinga, amene tonse tinkamutcha ba Rasta. Atate ake anamira ndi bwato ku Chanyanya, mtembo sunapezeke. Kuyambira pamenepo ba Rasta analumbira kusiya kudya nsomba, kenako nyama, mazira, mkaka, chilichonse chochokera kwa cholengedwa chopuma. Pamaliro ndi pamaukwati ankadya nshima ndi chibwabwa, masamba a maungu, payekha. Malo okha amene ankakhala pakati pa anthu, kuseka nawo, anali pabenchi lathu.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, mnyamata wina wa ku fakitale ya feteleza anafika ndi nkhani ya pafoni, yoti mowa wina wa m'mabotolo amauyeretsa ndi kathumba kampweya ka m'mimba mwa nsomba.

"Ba Rasta, mwakhala mukumwa kapenta osadziwa!" anatero, anthu n'kuseka.

Ba Rasta sanaseke. Anaika chikho pansi.

"Ambuya, mu mowa wanu muli chani?"

"Chimanga, chimera, madzi. Ufuna muzikhala ng'ombe?"

Ambuya sankanama. Kwa iwo supuni ziwiri za uchi, zimene amathira kukazizira kuti mowa udzuke, sizili m'gulu la zopangira mowa. Ndi mankhwala chabe, ngati bulangeti lofunditsa dilamu. Koma ine ndinali nditatsegula botolo la uchiwo ndi manja anga. Ndinayang'ana ba Rasta, ndinayang'ana malo ake pabenchi, pamene thabwa linachita kusalala.

"Nanga uchi uja, ambuya?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Iwe, njuchi ni nyama? Yafa njuchi?"

"Pofula amazitentha, ambuya," anayankha ba Rasta. Anayamika, nanyamuka, chikho chili chodzaza.

Loweruka lotsatira sanabwere. Ambuya sanandidzudzule. Ine ndinkadzifunsa ngati chilungamo changa chinamuthandiza munthuyo, kapena ndinangomulanda pokhala pake pomaliza. Akadamwa osadziwa, kodi lumbiro lake likadathyoka? Sindikudziwabe. Ndimangodziwa kuti anafunsa kuti ayankhidwe.

Mkati mwa sabata ina ndinali kuyanika chimera pamphasa pamene ndinamva belu la njinga pachipata. Anali ba Rasta, koma sanatsike. Anatulutsa paketi ya shuga m'chikwama, nandipatsa.

"Upase ambuya. Uwauze nzimbe zilibe maliro. Pa Loweruka unisungile malo yanga."

Anapalasa njinga kulowera kumsewu, ine nditagwira shugayo.