Laputopu Imene Inabwerera Kwawo

Ine si munthu wa nkhani zambiri. Sukulu ndinalekezera giredi seveni, ndipo kupeka sindidziwa. Zimene ndilembe panozi zinandichitikira ine mwini, masanasana, anthu a ku Chipata komboni akuona. Wokayika akafunse kumeneko, alipo amene akukumbukira.

Ntchito yanga ndi kujambula mavidiyo. Maukwati, makichini pati, maliro. Ndimakhala ku Chaisa muno mu Lusaka, ndipo dzina langa anthu anaiwala kalekale, amangoti ba Vidiyo. Kujambula sikuvuta. Ntchito yeniyeni imabwera pambuyo, kukhala pansi ndi laputopu, kudula pamene kamera inagwedezeka, kulumikiza zidutswa, kuika nyimbo ndi maina. Laputopu yanga inali nkhalamba. Ikatentha inkalira ngati chigayo, ndipo ndinkaikhazika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi.

Chaka china anandiitana ku maliro ku Chipata komboni, mu Lusaka momwemuno. Womwalirayo anali mnyamata wa ku koleji. Zigawenga zinamupeza panjira akuchokera kusukulu, zinamumenya ndi kumulanda chikwama, ndipo anakafera kuchipatala. Amalume ake ndiwo anandilemba ntchito, kuti abale amene ali kunja kwa dziko adzaoneko mmene mwana anaikidwira. Ndinajambula zonse, kutchalitchi, kumanda, mpaka kuika maluwa. Nditafika kunyumba n'kuyatsa laputopu, inangothwanima kamodzi, basi. Wokonza anaitsegula, anapukusa mutu, n'kundiuza kuti ba Vidiyo, iyinso ikonzereni maliro ake.

Mwayi wake zonse zinali zikadali m'kadi ya kamera. Koma ndikanadulira pa chiyani? Amalume aja ankafuna vidiyo abale asanabalalike. M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita m'tauni. M'mashopu ndinangoyang'ana mitengo n'kutuluka. Kuseri kwa msika mwamuna wina wa jekete lachikopa anandikoka dzanja, ati bosi, mufuna mashini ya mavidiyo, nili nayo yamphamvu. Analibe shopu, analibe ngakhale tebulo. Anaitulutsa m'jekete n'kuiyatsira pabondo. Inali yabwino, m'kati mopanda chithunzi kapena dzina la munthu. Pakona ya chivundikiro chake panali chipsera, pulasitiki itasungunuka pang'ono. Nditafunsa za chipseracho anaseka, ati bosi, mugula mashini kapena mufuna kukwatira? Ndinalipira, ndinapita.

Ndisaname, inkagwira ntchito. Zimene yakale ija inkachita tsiku lonse, iyi inkamaliza madzi a tiyi asanawire. Poyambira vidiyo ndinaika chithunzi cha mnyamatayo akumwetulira, dzina lake pansi. Ndinakondwa.

Tsono ife ojambula tili ndi kachitidwe kathu. Vidiyo ya maliro supereka banja lisanaione. Umanyamula laputopu, onse amaonera pamodzi, wina amati chotsani apo azakhali anakomoka chitenje chitamasuka, wina amati nanga abale a bambo bwanji sakuoneka. Ukapanda kutero udzamva mawu. Choncho ndinapita masana, tenti isanachotsedwe. Azibambo anali panja m'tenti, azimayi m'nyumba atakhala pansi, mipando yonse ili kunja monga zimakhalira pamaliro. Ndinaika laputopu pa kampando pakhonde kuti akunja ndi am'nyumba onse aone.

Vidiyo inayamba. Anthu anali chete, ena akupukuta misozi. Mlongo wake wa womwalirayo, mtsikana wamkulu ndithu, anadutsa kuseri kwa laputopu atanyamula beseni la makapu. Anaima. Beseni linagwa. Iye sankayang'ana vidiyo, ankayang'ana chivundikiro. Anakhudza chipsera chija ndi chala, kenako anakuwa kukuwa kumene sindinakumve ngakhale kumanda. Ankati iyi ndi ya mlongo wanga, ndinaiotcha ndine ndi kandulo tsiku limene malaiti anapita, anandikalipira sabata yonse.

Inu, munayamba mwaonapo anthu olira akusanduka nthawi imodzi? Ndinayesa kunena kuti ndinachita kugula, koma mawu sanatuluke bwino. Msuweni wake wa womwalirayo anandigwira kolala, ati iwe mudala, wapha mwana wathu, wabweranso kudzajambula bokosi lake? Mbama. Wina chibakera, dzino linachoka. Ndinagwera pa mbaula yozima, phulusa m'kamwa. Mbiri inathamanga m'komboni kuti wakupha uja wapezeka, ndi wa kamera. Anthu anabwera akuthamanga, ena osamudziwa n'komwe womwalirayo. Ndinamva wina akuitanitsa tayala. Ndinamva wina akufunsa amene ali ndi palafini. Ndakhala m'komboni moyo wanga wonse, ndimadziwa kuti tayala likafika palibenso wofunsa mafunso. Ndinaganiza za mkazi wanga ndi ana, kuti adzamva kwa anthu kuti bambo awo anali chigawenga, ndipo sipadzakhala wotsutsa.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wa womwalirayo, mayi amene kuyambira tsiku la imfa sankatha kuima popanda womugwira. Anatuluka yekha, anadutsa pakati pa zibakera, anandigwira dzanja n'kundikokera m'nyumba, m'chipinda cha azimayi, mmene mwamuna salowa wamba pamaliro. Anandikankhira pakona. Amayi a mpingo, atavala mayunifolomu awo, anakhala pansi pakhomo mothithikana, miyendo atatambasula, n'kuyamba kuimba nyimbo ya maliro. Ndani angalumphe miyendo ya amayi ake akuimba? Anyamata anangokuwa panja, miyala ikugwa pamalata.

Mayiyo anagwada pafupi nane. Musaganize kuti ankandimvera chisoni, maso ake anali ouma. Anandifunsa kamodzi kokha kuti bambo, mwana wanga munamupha ndinu? Ndinati ayi amayi, ndinagula m'tauni. Anafunsa ngati wogulitsayo ndingamuzindikire. Ndinati ngakhale mumdima. Pamenepo anaimirira n'kuuza amalume aja pawindo kuti alongo, munthu uyu akafa, amene anapha mwana wanga sitidzamudziwa, ndaika kale mmodzi, pakhomo panga sipafanso wina. Amalume anaimbira apolisi.

Sindidziwa kuti apolisiwo anachedwa bwanji, kwa ine chinali chaka. Azimayi sanaleke kuimba, nyimbo ikatha ankayamba ina. Apolisi atafika ananditulutsa atandifunditsa chitenje kumutu. Tayala ndinaliona ndi maso angawa, lili pafupi ndi geti.

Ndinagona m'selo. Ndikuuzeni, sindinakondwerepo ndi chitseko chachitsulo ngati tsiku limenelo. M'mawa ndinapita ndi apolisi ovala wamba kuseri kwa msika kuja. Wa jekete uja analipo, pamalo omwewo, ndipo atandiona anamwetulira, ati bosi, mwabwerera ina? Kunyumba kwake anapeza mafoni ambiri ndi chikwama cha mnyamata uja, mabuku ali momwemo. Iye anatchula anzake. Ine anandimasula, ndipo kukhoti ndinapita ngati mboni.

Mlandu utatha laputopu inabwerera kubanja. Msuweni uja anabwera kwathu ku Chaisa, ati ba Vidiyo, tinalakwa. Ndinamuuza kuti dzino langa silimeranso, koma apite ndi mtendere. Mayi uja ndimakamuona Khirisimasi iliyonse. Sitilankhula zambiri. Ndimakhala, ndimamwa madzi, ndimatsazika.

Mkazi wanga amati zinangochitika. Ine ayi. Lusaka yonseyi, malaputopu onse amene amagulitsidwa m'tauni, ine n'kukagula ya munthu amene ndajambula maliro ake dzulo lake, n'kuinyamula ndekha kukaiika pakhonde la amake? Ndimakhulupirira kuti magazi a mwana uja sanagone, ndipo Mulungu ankafuna wonyamula katundu, n'kupeza ine. Sindidandaula. Ndili moyo, ana anga amayenda m'komboni osaweramitsa mutu, ndipo ndikujambulabe. Laputopu imene ndili nayo tsopano ndinaigula m'shopu yeniyeni yokhala ndi chitseko, imene mwini wake ndingamupeze mawa.

Inu anzanga a makamera, ndikudziwa kuti makina akafa ntchito ili m'manja, mutu suyenda bwino. Bwerekani kwa mnzanu, kapena uzani mwini ntchito adikire. Koma chinthu chotuluka m'jekete la munthu wopanda shopu musagule. Chili ndi mwini wake, ndipo mwina ali m'manda. Komanso si nyumba iliyonse ya maliro imene ili ndi mayi ngati uja.