Mbale Yakuda ya ku Joni

Felesita Miti wa ku Kasenengwa anakula wopanda atate, chikhalirecho sanali wamasiye. Atate ake, a Bizwell, anapita ku Joni iye ali kumsana, n'kutchona. Amayi ake anadikira mpaka anamwalira maso ali kumsewu. Felesita anakwatiwa, banja linatha, anabwerera pamudzi n'kugwira khasu. Mtedza wake wa chalimbana unkadziwika mpaka ku boma. Za atate ake sankafuna n'kumva komwe.

Ndiye chaka chachiwiri cha ufulu, mvula itangoyamba, lole inatsitsa nkhalamba yowonda pamphambano, jekete likulendewera m'mapewa. Anthu anathamangira kukalandira katundu. Katundu wake uti? Matchona ena ankabwera ndi njinga, makina osokera, mabulangete. A Bizwell anabwera ndi chifuwa, ndi kaphukusi kophwatalala kokulunga m'nsalu.

Felesita anawalandira poopa maso a anthu basi. Anawayalira mphasa m'kanyumba kosungiramo makasu, phala n'kumangowaikira pakhomo. Ndipo kumunena n'kulakwa. Munthu wakusiya uli khanda, lero abwere kudzafuna womuika m'manda?

Tsiku lina a Bizwell anamuitana n'kumasula kaphukusi kaja. Munali mbale yakuda ya nyimbo, m'chikuto chokhala ndi chithunzi cha amuna awiri. Wina anakhala pa limba. Wina anaimirira, wonenepa bwino, masaya ali tutumu, chilipenga chopindika chili kukamwa.

"Uyu ndine," anatero a Bizwell. "Ichi amati sakisafoni, ija ya mawu aakulu. Uyu ndi mnzanga wa limba, limba la magetsi, osati lopondaponda la ku mishoni. Anatijambula tikuimba muholo, anthu atadzaza mpaka pakhomo. Umva akuwomba m'manja, akukuwa dzina langa." Anatsokomola nthawi yaitali. "Fumbi la m'migodi linandidya mapapo, lipenga ndinagulitsa. Mpweya wanga wonse unatsala m'mbale umu, mwana wanga. Ndikufuna undimve kamodzi ndisanafe."

"Mpweyawo ndiye tidya?" anayankha Felesita, n'kunyamula khasu. Koma kumunda nkhope ya pachikuto ija sinamuchoke m'maso. Mphumi imeneyo inali yake yeniyeni.

A Bizwell anamuchenjeza kuti mbaleyo imafuna makina a magetsi oyenda pang'onopang'ono, ndipo otero anali ku boma kokha, m'mabala. "Usaiike pa china chilichonse." Felesita anati adzawatengera kumeneko pangolo akamaliza kupalira. Anayamba kuwafundisa bulangete lake, kenaka kuwadyetsa ndi dzanja, akudziuza kuti akungochitira Mulungu.

Matenda sanadikire kupalira. Miyendo inatupa, chifuwa chinayamba kutulutsa magazi, ndipo azimayi a mpingo anayamba kubwera kudzakhala pakhonde mwakachetechete. Aliyense amadziwa tanthauzo la kukhala kotero. Felesita anagwidwa ndi mantha amene sankawayembekeza: atate ake apita iye asanawamve. Anathamangira kwa a Lazaro atelala, amene anali ndi galamafoni yopukusa ndi dzanja, yovinitsa anthu pa maukwati.

"Akuti imafuna ya magetsi, a Lazaro."

"Aaa, mayi, mbale ndi mbale! Ine ndaliza mbale zosawerengeka. Za ku Joni zomwezo."

A Lazaro sanali munthu woipa, koma mawu oti sindidziwa anali asanawatulutsepo chibadwire. Masana amenewo anasenza galamafoni mpaka pabwalo, mudzi wonse uli pambuyo. Polemekeza wodwala anaikamo singano yatsopano yachitsulo, yakuthwa bwino. A Bizwell anali mtulo. Felesita sanawadzutse. Ankafuna adzutsidwe ndi nyimbo yawo.

Mbale inazungulira liwiro ngati yapenga. Chimene chinatuluka, abale inu, sindicho lipenga la mawu aakulu. Kunali kulira kwa tswii-tswii, ngati makoswe akumenyana m'nkhokwe. Anthu anayang'anana. Wina analephera kudzigwira, ndipo bwalo lonse linafa nacho chiseko.

"Kodi ndiye nyimbo anatchonera imeneyi?"

"Bwerezani, a Lazaro, tivine!"

A Lazaro anati singano ikudumpha, n'kutola kamwala kuika pamwamba pake kuti ilemere. Anapukusanso. Felesita ndiye anaona timaulusi takuda tikupotana kutsogolo kwa singano, ndipo m'mene yadutsamo mukutsala mzere wotuwa. Asanatsegule pakamwa, anamva kukwekweza kumbuyo kwake. A Bizwell anali pakhomo, akukwawa ndi maondo, dzanja lili m'mwamba. Pakamwa pankati chotsani, chotsani, koma mawu osatuluka.

Chiseko chinazima. Anthu anabalalika aliyense ndi njira yake, a Lazaro atakumbatira galamafoni yawo. Felesita anatengera atate ake pamphasa n'kuwapatsa mbale ija. Anaisisita ndi chala chachikulu. Inali yatuwa, yokanda ngati mwala wonolera. Singano inali itapala zonse.

"Atate, ine ndimafuna kuti..." Analephera kumaliza. Analira kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro a amayi ake.

A Bizwell sanamukalipire. Akanamukalipira, bwenzi mtima utapepukako. Anangoika mbale pambali n'kunena kuti, "Nditsamiritse kukhoma. Khala apa."

A Bizwell anakweza manja kutsogolo kwa chifuwa, lina pamwamba lina pansi, monga pachithunzi paja. Anakoka mpweya kuti aimbe nyimboyo ndi pakamwa. Panatuluka kaliwu kamodzi, chifuwa n'kuwadula. Felesita anawapukuta magazi pamilomo ndi chitenje. A Bizwell anayesanso. Ulendo uno sipanatuluke kanthu, koma zala zinkayenda, kukwera, kutsika, kuthamanga, phazi lotupa likugunda pamphasa. Anatseka maso, mutu ukugwedezeka. Anaimba choncho mpaka nyimbo inatha, manja n'kugwera pamiyendo.

"Wamva?" ananong'ona.

"Ndamva, atate."

Felesita sanamve kalikonse koma kukhuluma kwa chifuwa. A Bizwell anamwalira sabata yomweyo, akukhulupirira kuti mwana wawo anawamva.