Chiwawu M'dimba la a Kalembera

A Kalembera anagwira ntchito zaka makumi atatu pa famu yoyesera mbewu, ndipo ntchito yawo yonse inali kulemba. Sanali mlangizi, analibe digiri. Ankatenga timatabwa, kutipaka utoto woyera, kulembapo dzina la mbewu ndi tsiku lofesa, n'kukatizika kumutu kwa mzere uliwonse. Dzina lawo linachokera kumeneko, ndipo ankalinyadira mopitirira muyeso. Ankati m'zaka zonsezo sanasokonezepo kathabwa ngakhale kamodzi. Mwina n'zoona, chifukwa munthu wake anali wovuta ngati nsapato yatsopano.

Poyenda pambuyo pa akatswiri a pafamupo anatolako nzeru za matenda a mbewu. Atapuma ntchito, dimba la kuseri kwa nyumba yawo linasanduka chipatala cha matimati. Anthu a mumsewu wonse ankabwera ndi tsamba m'manja, iwo n'kulitembenuza, kuliunika padzuwa, n'kugamula. Timadontho tachikasu ndi kaukonde kunsi kwa tsamba, amenewo ndi akangaude. Chipatso chikawola kunsi, mwathirira modumphadumpha. Mtengo ukafota nthaka ili yonyowa, dulani tsinde muliviike m'tambula ya madzi. Likatulutsa zoyera ngati mkaka, zulani ndipo musabzalenso pamenepo. Sankalipiritsa. Malipiro awo anali kukuchititsa manyazi pang'ono, kukufunsa ngati matimatiwo unabzala kapena unangowataya.

Mkazi wawo atamwalira, mwana wawo wamkazi anafuna kuwatenga. Iye ankagwira ntchito mu ofesi kutali, ndipo ankakhala m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni, kopanda ndi dothi lodzaza kapu lomwe. Anakangana mpaka anagwirizana chimodzi: bambo akhale pawo malinga akudzisamala okha, koma tsiku limene thupi lidzakane, sipadzakhalanso zokambirana.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Shuga amene ankamumwera mapiritsi anayamba kuwadya maso mwakachetechete. Zilembo zinayamba kuthawa, kenako nkhope za anthu zinasanduka nkhungu. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti mandala sathandiza ndipo chimene chapita sichibwerera. Chikalata cha adokotala anachipinda n'kuchilowetsa pansi pa matiresi. Pa foni ankauza mwana wawo kuti ali gwa. Koma ankaopa kwambiri, ndipo chimene ankaopa si mdima ayi, inali nyumba yosanja ija.

Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Dimba ankalidziwa ndi mapazi: mapazi asanu ndi limodzi kuchoka pakhomo la kukhitchini kufika pa mgolo wa madzi, anayi kufika pa nazale. Munthu akabwera ndi tsamba, ankalifikisa, kulinunkhiza, n'kumubwezera ndi ukali wa mphunzitsi kuti anene yekha chimene akuwona, popeza iwo sadzakhalapo mpaka kalekale. Munthu ankanena, iwo n'kugamula. Ena mpaka ankawayamika kuti ukalamba wawapatsa mtima wophunzitsa.

Woyandikana nawo anali mayi wosoka zovala pakhonde, wamasiye wa ana atatu, amene aliyense ankangomuti Telala. Zosoka zinali zitachepa, ndipo a Kalembera ndiwo anamuumiriza kuti alime kuseri kwake, apeze chothira m'ndiwo ndi chogulitsa pakhomo. Mbewu a Kalembera ankasunga okha m'timaenvulopu, m'chitini cha mabisiketi. Chaka chimenecho anazilongedza ndi zala zimene shuga anali atazichititsa dzanzi, n'kulemba mayina mwa chizolowezi cha dzanja. Anamupatsa Telala envulopu yolembedwa bwinobwino kuti matimati.

Patatha mwezi, mayi uja anabwera akuseka, mbande ili m'manja. Bedi lonse linali litamera tsabola. Nkhani inayenda msewu wonse kuti a Kalembera asokoneza kathabwa. Iwo anaseka nawo, n'kunena kuti anachita dala pofuna kuwona ngati wophunzira wawo ali ndi maso. Mumtima munali mutazizira. Tsiku lomwelo anazula mbande makumi asanu ndi limodzi pa nazale yawo, kuzinunkhiza imodzi ndi imodzi kuti asalakwitsenso, n'kumupatsa.

Telala anazisamala mbandezo ndi mtima wonse. Anazika timitengo, kumangirira ndi tinsanza totsala posoka, kuthyola mphukira monga anamuphunzitsira. Matimati anabereka, zipatso zinafika ngati mazira. Ndiye kunabwera mlungu wa chisanu ndi mvula yowaza, dzuwa osatuluka. M'mawa wina Telala anawapatsira tsamba pamwamba pa mpanda.

"Mukuwonapo chiyani?" anafunsa a Kalembera monga mwa masiku onse.

"Lero za sukulu ayi, bambo, ndili ndi diresi la mwini wake pa makina. Taliwonani nokha."

Analikweza tsambalo kumaso ndipo anangowona chinthu chobiriwira m'nkhungu. Linali lonyowa, zala sizinamve kanthu. Funso limodzi likanakwana: kunsi kwake kuli nguwi yoyera m'mphepete mwa banga? Koma kufunsa pamene wauzidwa kuti uwone wekha kunali kuulula. Anamuuza kuti ndi njala chabe, athire manyowa ndipo awonjezere madzi.

Mayi uja anamvera, chifukwa mawu a a Kalembera ankatsutsa ndani? M'mawa ndi madzulo ankathirira ndi kheni, madzi pamasamba pomwe. Chinali chiwawu, matenda okonda tsamba lonyowa. M'masiku asanu dimba lonse linada ngati ladutsa moto, zipatso zinachita mabanga n'kuyamba kuwola zili pamtengo. Fungo litawoloka mpanda, a Kalembera analizindikira asanauzidwe. Anadziwanso kuti akanagamula bwino tsiku loyamba lija, kuti athothole masamba odwala n'kupopera mankhwala, mwina theka likanapulumuka. Anadzitsekera m'nyumba masiku awiri chifukwa cha manyazi. Pamene ankatuluka, chiwawu chinali chitalowa kale m'dimba mwawo.

Akuzula mitengo yawo, anamva mapazi a Telala. Anawongoka n'kuyamba kulankhula asanafunsidwe: kuti nyengo ya chaka chino ndi yoipa, kuti chiwawu sichiwona nkhope, kuti ngakhale pafamu paja chinkawagonjetsa akatswiri. Mayiyo anawasiya mpaka anamaliza.

"Bambo, ine ndili kuno. Mukulankhula ndi mgolo."

A Kalembera anatembenukira kumene kunkachokera mawuwo, mtengo wowola uli m'manja.

"Sindinabwere kudzakutukwanani," anatero Telala, mawu ali pansi. "Koma mukanangondiuza kuti simukuwona, tsamba lija ndikanakuwerengerani ine. Maso ndinali nawo."

Munthu amene anali asanapepesepo kwa wina aliyense mumsewu umenewo anapepesa. Kenako anapempha chinthu chimodzi, kuti mwana wawo asamve. Telala anawayankha kuti anamuyimbira kale dzulo. Anati si chifukwa cha matimati, koma anawawona pawindo akufufuza mabotolo pa shelefu ndi manja, ndipo pa shelefu pomwepo pamakhala botolo la mankhwala opopera, pafupi ndi la mafuta ophikira.

Mwana wawo anafika Loweruka. Sanakalipe. Chikalata chija anachipeza poyalula bedi, n'kuchiwerenga. Kenako anayamba kupinda malaya a bambo ake n'kumaika m'chikwama. A Kalembera anakhala pampando m'chipinda chochezera, atavala jekete, chipewa chili pabondo. Sanatsutse, pakuti pangano anapangana okha.

Katundu akulowa m'galimoto, pageti panafika dalaivala wa kumapeto kwa msewu, tsamba lili m'manja. Anali asanamve kanthu. Anafika mpaka pakhonde n'kuyamba kufotokoza za mizere yake iwiri imene yayamba kupota masamba.

"Pitani nalo kwa alangizi," anatero a Kalembera ali pakhomo. "Ine sindiwona."

Dalaivala anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala zawo zija, n'kuwakankhira tsamba m'dzanja. Palibe anaseka naye. Anayang'ana mwana wawo, kuyang'ana chikwama, ndipo kuseka kunamuthera pakamwa. Mwana uja analichotsa tsambalo m'dzanja la bambo ake n'kulibweza kwa mwini wake. Kenako anawagwira mkono pakhonde limene anamanga okha ndi manja awo, n'kuwauza kuti aponde bwino, pali masitepe awiri.