Inki ndi Mapasa Mnzake

Kuntchito ankamutchula Inki, chifukwa zikhadabo zake sizinkayera ngakhale atazitsuka ndi sopo wanji. Ankayendetsa makina osindikizira pakampani ina yaing'ono, m'chipinda chopanda mawindo mmene fungo la parafini silinkatha. Makalendala, makhadi aukwati, zikwangwani za masitolo, zonse zinkadutsa m'manja mwake. Nkhomaliro ankadya ali chilili, dzanja lino buledi, linalo likuwongola mapepala, n'kutsitsira chakumwa chotsekemera. Bwana akati ntchito iyi ikufunika mawa, Inki ankavomera asanaone n'komwe kuchuluka kwake.

Anabadwa mapasa, onse amuna. Mnzakeyo anali telala, ndipo ankafanana moti mayi awo enieniwo ankayamba aitana dzina kuti aone amene atembenuke. Mimba zinawaphukira chaka chimodzi. Akakumana ankagwirana pamimbapo n'kumasekana kuti, "Tione ayambe kuchira ndani."

Tsiku lina masana telala anagwa pamakina ake, tepi yoyezera ili m'khosi. Madokotala anati ndi sitiroko. Anatuluka m'chipatala dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, pakamwa patapindikira mbali. Ukwati wake unali utatha kale, choncho Inki anamutengera kunyumba kwake. Anamugoneka m'chipinda cha ana, anawo n'kusamukira pabalaza.

Mantha anayambira pometa ndevu. Inki akagwira chibwano cha mbale wakeyo ankaona nkhope yake yomwe, koma itagwera mbali imodzi, malovu akutsika pang'onopang'ono. Kuntchito anayamba kumadzigwira tsaya kuti amve ngati lili m'malo. Chala chikachita dzanzi ankazimitsa makina n'kuima duu, kudikira kuti agwe. Ndiye tsiku lina mwana wake wotsiriza anafunsa ali pakati pakudya, "Ababa, inuyo mudzakhala ngati abambo aang'ono liti?" Mayi ake anamukalipira, koma Inki anasamba m'manja osamaliza chakudya.

Namwino amene ankabwera kudzaona wodwalayo anamuyeza Inki nayenso. Anayang'ana kachipangizo kake, n'kumuyang'ana iye.

"Bambo, magazi anu akuthamanga kwambiri. Munabwera limodzi, koma si lamulo kuti mubwererenso limodzi. Mankhwala muyambe, mchere muchepetse, ndipo muziyenda."

Inki anazitenga ndi phuma. Anagula nsapato zothamangira n'kukalowerera anyamata pabwalo la mpira, ndipo sabata isanathe bondo linatupa ngati dzungu. Anasiya kudya masana, chizungulire n'kumugwira ali pachodulira mapepala, makhadi aukwati wa eni ake n'kudulidwa pakati pa dzina la mkwatibwi.

Mkazi wake, amene ankaphunzitsa pasukulu yamkaka, anamupeza atakhala pakhonde akuthowa bondo.

"Bambo ake, mukufuna ndizisambitsa anthu awiri? Imfa mukuithawa mothamanga chonchi, mukagundana nayo pakona."

"Nanga nditani?"

"Achipatala anati alamu aziyendetsedwa. Ine m'mawa ndili ndi ana, madzulo ndili ndi mapoto. Inu mukukathamanga nokha ngati mwaba."

Mawa lake, asanapite kuntchito, Inki anamuveka telala nsapato n'kumudzutsa. Anaima mbali yakufayo, telala n'kukolowekapo thupi lonse pamkono wake wamanzere. Anafika pageti n'kubwerera, onse thukuta lili kamukamu. Patapita masabata ankafika pamtengo wamagetsi, kenako pasitolo yapakona. Phazi la telala linkakhwekhwereza pansi, khwee, khwee, ndipo anthu ankaleka kusesa n'kumawayang'ana, nkhope imodzi ikudutsa kawiri. Akamubwezera kunyumba, Inki ankapitiriza wapansi mpaka kuntchito, basi ikumudutsa.

Chovuta chinali madzulo. Namwino anati wodwalayo aziyendanso dzuwa lisanalowe, pamene Inki anazolowera kuweruka magetsi a mumsewu atayaka kale. Anakaima pakhomo la ofesi ya bwana, akupukuta manja ndi sanza.

"Bwana, ndiziweruka nthawi yake."

"Makinawa adziyendetsa okha?"

"Ndiphunzitsa mnzanga wina wa pano. Ndikagwa pano, bwana, mawa lomwe muikapo wina. Kunyumba alibe womuikapo."

Bwanayo anang'ung'udza mwezi wathunthu, koma analola. Sikuti zonse zinayenda bwino. Nyengo ya makalendala ikafika Inki ankachedwabe, n'kupeza telala atakhala pampando pafupi ndi chitseko, atavala kale nsapato imodzi imene ankatha kudziveka yekha. Sankadandaula, mawu ake anali atatsala ochepa. Ankangomuyang'ana ndi diso lakumanzerelo, ndipo mawa lake Inki ankazimitsa makina osayembekeza kuuzidwa.

M'nyumba ndiwo zinachepa mchere. Ana analira kuti akulangidwa mlandu wa akuluakulu, kenako anazolowera. Inki anayamba kutenga chakudya m'kontena n'kumadyera panja, atakhala pansi pamthunzi wa mpanda, anzake akumuseka kuti wakwezedwa udindo. Lamba anamuboolera bowo lina.

Telala anamwalira nyengo yozizira, m'mawa, pampando wake. Inki anali kubafa. Pobwera anapeza mutu utaweramira pachifuwa ngati munthu amene akulowetsa ulusi m'singano. Pamaliro ena amene sankadziwa zoti anali mapasa anabwerera m'mbuyo atamuona Inki ataima pafupi ndi bokosi.

Inki anakhala masabata osatuluka m'mawa. Atayambanso, anapeza kuti miyendo yake siikudziwanso kufulumira. Ankayenda pang'onopang'ono, chigongono chamanzere chitapindika, ngati pali wina wakolowekapo. Pena, msewu ukakhala zii, ankamva khwee, khwee pambali pake. Sankatembenuka. Wapasitolo yapakona ankamupatsa moni wa anthu awiri n'kudzigwira pakamwa.

Mkazi wake anaziona ali pawindo. Loweruka lina anamanga nsapato n'kumutsatira. Anaima kudzanja lamanja, lamanzerelo analisiya.

"Mumawamvabe alamu?"

"Pena."

"Amati chiyani?"

"Sanena kanthu. Amangoyenda."

Kuyambira pamenepo amayenda awiri masiku amene sukulu yalola, masiku ena Inki amapita yekha. Mankhwala amamwa akangotsuka mkamwa, ndipo namwino uja akuti magazi akhazikika, ngakhale pena amakwerabe ntchito ikachuluka. Ana anabwerera m'chipinda chawo, koma wotsiriza uja amakana kugona chitseko chili chotseka.

Posachedwapa, ali pakona akudikira galimoto kuti idutse, mkazi wake anamugwira kuseri kwa khutu.

"Imvi izi, bambo ake. Mwakalamba ndisakudziwa."

Inki anagwirapo nayenso.

"Uja sanafike pa imvi," anatero.

Galimoto inadutsa, anawoloka. Pamphambano mkaziyo anakhotera kusukulu, akumukumbutsa kuti pobwera agule sopo, ndipo Inki analunjika kuntchito.